Foni inati inali draw

Chesi anandiphunzitsa ndi amalume, pakhonde pawo ku Kasisi, ndeke zikudutsa pamutu kukatera pa Kenneth Kaunda. Lamulo lawo ndi limodzi: zikavuta, gwetsa wekha king, usatayitse mkulu nthawi. Mwezi watha ndinagwetsa. Iwo anali ndi king, rook ndi pawn, ine king ndi rook chabe.

Mubasi pobwerera mutauni, ndinayala mapisi asanu aja pa Lichess monga analili. Foni siinaganize n'komwe. Inangoti draw. Mtima unandiwawa.

Chimene chimayankha choncho ndi tablebase. Mapisi akatsala 7 kapena ocheperapo, kuwerengera ma king, makompyuta anawerengeratu kale makhalidwe onse a pabodi, kuyambira pa checkmate kubwerera m'mbuyo. Gulu la ku yunivesite ya Moscow linamaliza a mapisi 7 mu 2012. Stockfish imagwiritsa ntchito ena otchedwa Syzygy, amene Ronald de Man anatulutsa mu 2013. Ikafika pamenepo simaganizanso, imangowerenga yankho. Ndipo masewera akadali pakati, ikaona kuti kudyerana mapisi kuifikitsa pamalo olembedwa kuti yawina, imadyerana mosakayika. Mu mpikisano wa makompyuta wa TCEC samalizitsa n'komwe, tablebase ndiyo imagamula.

Muli zodabwitsa umo. Pali malo ena amene checkmate imabwera patapita mamuvu 549. Munthu sangawatsate, komanso lamulo la mamuvu 50 lingathetse masewerawo kalekale.

Chinandivuta ndi ichi: kodi mkulu amene anakuphunzitsa kuyendetsa kavalo umamuuza bwanji kuti zaka zonsezi mwina wakhala akulandira mawini aulere? Ndinatha masabata awiri ndikuzengereza. Loweruka ndinapita, n'kuwaonetsa.

Anavala magalasi, nayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Yanena zoona. Ika m'thumba. Manje ipeze wekha draw yakeyo."

Tinayala mapisi pomwe tinasiyira. Ndinathamangira kuwapatsa check, king wawo anabisala kuseri kwa pawn, ndipo posakhalitsa ndinaluzanso. Rook wanga anafunika kudikira pa mzere wachitatu mpaka pawn itasuntha, kenako n'kukapereka macheck kuchokera kumbuyo. Philidor anazilemba mu 1777, kulibe magetsi.

Nditatambasula dzanja kuti ndigwetse king, amalume anandigwira pamkono.

"Leka. Sewera mpaka ithe."