Mafunso a pa Pepala

Ku Mtendere tinakula tikudziŵa kuti za m'ciuno mwa mkazi sazikamba mokweza. Msambo ukakupweteka mpaka kulephela kuimilila, umangoti "mutu." Koma adokotala ataona zotupa m'cibelekelo canga, mafaibuloidi, anati afuna MRI kuti adziŵe kukula kwake ndi pamene zakhala asanaganize za opaleshoni. Ndili ndi zaka 26, ndipo sindinabelekepo. Mantha anga onse anali pamenepo.

Kukonzekela kunayamba ndi pepala la mafunso. Kodi muli ndi pakati? Munasamba liti komaliza? Muli ndi lupu? Muli ndi citsulo ciliconse m'thupi? Impso zanu zili bwino? Palibe funso lacabe. MRI si X-ray ayi. Ndi maginito amphamvu kwambili amene amakoka zitsulo. Mankhwala a gadolinium, amene nthawi zina amabaya mumtsempha kuti zithunzi zioneke bwino, amatuluka m'thupi kudzela mu impso. N'cifukwa cake ananditenga magazi coyamba.

Anandiuza kuti ndisadye kwa maola 4, ndiponso ndisiye kunyumba ndolo, mapini a wigi ndi bra ya waya. Mikanda ya m'ciuno nayonso anati icoke, popeza ina imakhala ndi tokoŵela twacitsulo.

"Nanga mikanda yalakwa ciani?" anafunsa amama.

Ndinawafotokozela zonse, kuphatikizapo magazi amene amandithela mwezi uliwonse. Anakhala cete, kenako anati, "Mwana wanga, inenso zinanditelo ndili mtsikana." Kwa zaka zonsezi anali asananenepo.

Kucipatala anandipatsa gauni, n'kundibaya jekiseni yokhazika matumbo kuti zithunzi zisasokonekele. Ndinagona cagada, anandiika cipangizo pamimba, zotseka m'makutu, ndi kampila m'manja kofinya ndikafuna thandizo. Makinawo amasokosa ngati cigayo. Sapweteka, koma ufunika kukhala osagwedela. Mphindi ngati 40 ndinazitha ndikuŵelenga masiteshoni a minibasi kucoka ku Mtendere mpaka m'tauni, n'kubwelelanso.

Zotsatila zinaonetsa zotupa zitatu, zosakhala khansa. Adokotala anati angathe kuzicotsa n'kusiya cibelekelo. Madzulo ake mng'ono wanga, amene amalova kusukulu masiku aŵili mwezi uliwonse, anandipempha kuti aoneko pepala la mafunso lija. Loŵeluka tipita naye ku kiliniki, ndipo amama ati atipelekeza.