Kuyenda M'gombe la Overberg, Kubwerera M'minda ya Mphesa

Mukatuluka mu mzinda wa Cape Town pa msewu wa N2, mumafika ku Somerset West, ndipo apa pali mphambano yofunika kuiganizira bwino. Msewu wolunjika umakwera phiri pa Sir Lowry's Pass n'kukakutulani ku Hermanus pasanathe maola awiri chichokereni mu mzinda. Wokhotera kumanja, wa R44, umatsikira ku Strand ndi Gordon's Bay n'kumamatira gombe. Ife tinakhotera kumanja, ndipo aliyense wokonza ulendo wa masiku angapo m'chigawo cha Western Cape ndikumulangiza kuti ayambe ndi nyanja, minda ya mphesa aisungire pobwerera. Mitunda italiitali ili kugombe, ndiye ndi bwino kuiyenda woyendetsa asanatope. Komanso vinyo amene mungagule sakondwera kukhala masiku ambiri kumbuyo kwa galimoto yotentha ndi dzuwa.

Kuchoka pa Gordon's Bay msewu umatchedwa Clarence Drive. Anausema m'thanthwe, kumanzere phiri laima njo, kumanja phompho lotsetserekera m'madzi a False Bay. Amene anatsikapo chitunda cha Chiweta akuyang'ana nyanja ya Malawi m'munsi adziwa mmene mtima umachitira pa malo otere. Ena mwa amene anagwira ntchito yosema msewuwu anali asilikali a ku Italy ogwidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pali malo ambiri opatukira, ndipo nzeru ndi kuima pafupipafupi, chifukwa woyendetsa sangaone kanthu ali pa chiwongolero: makona ndi ochuluka, okwera njinga nawonso ali pomwepo. Cha ku Rooi-Els ndi Pringle Bay anyani amakhala m'mbali mwa msewu kudikira zakudya. Amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto, choncho mukhome, ndipo kuwapatsa chakudya n'koletsedwa.

Pa Betty's Bay tinapatukira ku Stony Point. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pano panali malo ophera anamgumi ndi kuyenga mafuta awo, ndipo zotsalira za makoma ake zikuonekabe. Lero m'miyalamo muli mbalame za penguin, zimene zinayamba kuikira mazira pano mu 1982. Mumayenda pa kamlatho ka matabwa, izo zili m'munsi, zina zikutuluka m'madzi, zina zikulira mokweza, fungo la zitosi lili paliponse. Ziwirizitatu zinali zowonda kwambiri. Chakudya chawo ndi tinsomba ta sardine ndi anchovy, timene tachepa m'nyanja muno, ndipo mu 2024 mtundu wa penguin wa ku Africa unaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ndinachoka pamenepo mtima uli wolemera.

Ku Hermanus kumafunika kugona usiku wopitirira umodzi. Tawuniyi yakhala pamwamba pa matanthwe, ndipo pali kanjira ka oyenda pansi ka makilomita pafupifupi 12 kotsata m'mphepete mwake, kolowa popanda kulipira. Anamgumi a mtundu wa southern right amachokera kumadzi ozizira a kumwera kudzaswana ndi kuyamwitsa ana m'madzi a Walker Bay, ndipo amayandikira kwambiri moti boti silifunika. Choyamba mumamva kupuma kwake, phuu, kenako msana wakuda ukutuluka, pambali pake kamwana. Kuyambira mu 1992 tawuniyi ili ndi munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga lopangidwa ndi chomera cha m'nyanja cha kelp, kudziwitsa anthu kumene anamgumi aonekera.

Apa ndiye pagona vuto lalikulu la wokonza ulendowu: nyengo. Anamgumi amapezeka kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala. Mphesa zimakololedwa kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka cha mu Epulo. Ziwirizi sizikumana, ndiye muyenera kusankha. Mvula ya kuno imagwa m'nyengo yozizira, Juni mpaka Ogasiti, pamene m'chilimwe mumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene imatha kukulandani chitseko cha galimoto m'manja. Mu Disembala sukulu zikatsekera, malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera. Ine ndimakonda Seputembala ndi Okutobala: anamgumi alipo, mpesa wayamba kuphuka masamba, ndipo misewu ili phee.

Madzulo tikudya nsomba ya hake pafupi ndi doko lakale, mnyamata woperekera zakudya anatimva tikulankhula. Anaika mbale, n'kuwerama pang'ono.

"Mwaswera bwanji, bambo? Kumudzi ndi kuti?"

Tinamuuza. Iye anati ndi wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi kumpoto, amakhala ku Zwelihle, dera la anthu ogwira ntchito kumadzulo kwa tawuniyi, kumene kuli anzake ambiri ochokera kumudzi, ena olima maluwa m'mayadi, ena omanga nyumba. Ndiye amene anatiuza kuti m'kanjira ka m'matanthwe tilawirire mphepo isanadzuke, ndiponso kuti tisachoke tisanakwere chigwa cha Hemel-en-Aarde.

Chigwachi chili kuseri kwa phiri, pa msewu wa R320, mphindi zochepa kuchoka m'tawuni. Kamphepo ka m'nyanja kamachiziziritsa, choncho mphesa za pinot noir ndi chardonnay, zimene sizipirira kutentha, zimachita bwino. Tim Hamilton Russell ndiye anayambitsa ulimi wa mphesa zimenezi muno atagula malo mu 1975. Koma kale chigwa chokongolachi chinali kotaya anthu. Kuyambira mu 1817 boma la atsamunda linkatumiza kuno odwala khate, ambiri a iwo Akhoikhoi ndi akapolo, ndipo amishoni a mpingo wa Moravian ndiwo ankawasamalira, mpaka pakati pa zaka za m'ma 1840 pamene anawasamutsira ku chilumba cha Robben Island. M'nyumba zolawira vinyo nkhaniyi simveka pokhapokha mutafunsa.

Stanford ndi Gansbaai tinangodutsamo. Ku Gansbaai anthu amapita kukalowa m'khola la zitsulo m'madzi kuti aone shaki, koma ife mtima unali pa Elim, mudzi umene ambiri amaulambalala chifukwa uli mkati, kutali ndi gombe.

Elim ndi msewu umodzi waukulu wa tinyumba topaka laimu, tofolera ndi udzu wakuda, ndipo kumapeto kwake kuli tchalitchi. Amishoni a Moravian anakhazikitsa mudziwu mu 1824, ndipo malo onse ndi a mpingo mpaka lero. Ukapolo utathetsedwa ku Cape pa 1 Disembala 1834, akapolo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa eni awo zaka zina zinayi, ndipo atamasukadi mu 1838 ambiri anasiya mafamu n'kubwera m'midzi ya mishoni ngati uno. Pafupi ndi tchalitchi pali chipilala chokumbukira kumasulidwa kwawo. N'chaching'ono, chosadzionetsera, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pa malo ena alionse a ulendowu. Pali chigayo chakale choyendera madzi, ndipo amuna a ku Elim ndi otchuka m'dziko lonselo pa luso lofolera nyumba. Wokonza ulendo wa ku minda ya mphesa ayenera kuika Elim pa mapu ake, chifukwa minda yoyambirira ya ku Cape inalimidwa ndi manja a akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi zilumba za Indonesia, ndipo zidzukulu zawo zili m'midzi imeneyi.

Kuchoka apa dziko ndi lathyathyathya mpaka ku Struisbaai ndi L'Agulhas. Cape Agulhas ndiye nsonga yeniyeni ya kumwera kwa Africa, osati Cape Point monga ambiri amaganizira. Pali miyala yoterera, mphepo, chikwangwani chosonyeza malire a nyanja za Atlantic ndi Indian, ndi nsanja ya nyali yowunikira zombo imene inayamba kuyaka mu 1849. Mungakwere pamwamba pake ngati miyendo ikulolani, popeza makwerero ndi oongoka. Chakumadzulo pang'ono pali mutu wa chombo cha asodzi cha ku Japan, Meisho Maru 38, chimene chinasweka mu 1982, chadzimbiri chokhachokha. Gombe lino ladya zombo zambiri. Ku Arniston, tawuni yaing'ono chakum'mawa, mu 1815 kunamira chombo cha ku Britain cha dzina lomwelo, anthu 372 anafa, opulumuka 6 okha. Chinalibe wotchi yothandiza kudziwa pamene chombo chili panyanja, ndipo oyendetsa anaganiza kuti adutsa kale nsonga ya Cape. Pamwamba pa doko la Arniston pali Kassiesbaai, mudzi wa asodzi wa nyumba zoyera zofolera, umene mabanja ake anakana kuchoka ndipo alipobe. Amayi ena amaphika nsomba m'nyumba zawo n'kumagulitsa kwa alendo. Idyani kumeneko. Ndalama yanu ikhala m'mudzimo.

Mafuta mumwetse pa Bredasdorp. Kuchoka apo msewu wa R316 umadutsa Napier kupita ku Caledon pakati pa zitunda za tirigu, nkhosa ndi mbewu ya canola, imene mu Ogasiti imasandutsa dera lonse chikasu. M'minda yokololedwa mumaona mbalame zazitali zotuwa za blue crane, mbalame ya fuko la South Africa. Kenako R43 imakufikitsani pa damu la Theewaterskloof, lalikulu pa onse omwetsa Cape Town, limene mu 2018 linatsala pang'ono kuphwa, anthu a mu mzinda n'kumaloledwa malita 50 okha pa tsiku. Tinalipeza lodzaza. Mukalidutsa mumakwera Franschhoek Pass, ndipo pamwamba pake chigwa chonse chimatseguka, mizere ya mphesa ili ndondondo mpaka m'tsinde mwa mapiri.

Franschhoek inakhalidwa ndi Akhristu a Chipulotesitanti othawa chizunzo ku France, amene anayamba kufika mu 1688, n'chifukwa chake mafamu ambiri ali ndi mayina a Chifalansa. Ndi malo odula, ndipo amene thumba lake ndi lopepuka agone ku Paarl kapena kunja kwa Stellenbosch. Chinthu chimodzi ndichinene mosapsatira: pa tsiku lolawa vinyo, galimoto isiyidwe. Polawa amakuthirirani pang'onopang'ono, mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi pa famu iliyonse, ndipo mukafika famu yachitatu mwapitirira kale mlingo wa lamulo, umene ndi magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Kuyambira mu 2012 kuli Franschhoek Wine Tram, kasitima ndi mabasi ozungulira mafamu tsiku lonse. Amene samwa asadzione ngati alibe malo. Pali madzi a mphesa osasasa, tchizi, mafuta a olive, ndi minda yoyendamo.

Pa msewu wa R301 wopita ku Paarl, pakati pa minda yomweyo, pali chipata cha ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster. Pa chipata ichi ndi pamene Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, ndipo pali chiboliboli chake atakweza nkhonya. Ndi ndende yogwira ntchito mpaka pano, ndiye mumangoima panja. Pobwerera mumadutsa Pniel, mudzi wina wa mishoni wa akapolo omasulidwa, wa mu 1843, n'kukwera Helshoogte Pass kutsikira ku Stellenbosch.

Stellenbosch inakhazikitsidwa ndi Simon van der Stel mu 1679, zaka 20 chifinyireni vinyo woyamba wa ku Cape mu 1659. Msewu wa Dorp Street uli ndi mitengo ikuluikulu ya oak, ngalande za madzi m'mbali, ndi nyumba zoyera za mamangidwe a Chidatchi. Pa yunivesite ya kuno, mu 1925, Abraham Perold anakwatitsa mphesa za pinot noir ndi cinsaut n'kutulutsa pinotage, mtundu umene South Africa imanyadira nawo. Mu 1971 alimi a kuno anayambitsa njira yoyamba m'dzikolo yoti alendo aziyendera mafamu a vinyo, ndipo lero mafamuwo ndi ambiri moti kuyesa kuwamaliza n'kudzitopetsa chabe. Awiri pa tsiku akwana, kuti mupeze nthawi yotsikira m'nyumba yosungira migolo ya matabwa ndi kufunsa mafunso.

Ndipo mafunso alipo oti afunsidwe. Kwa zaka zambirimbiri antchito a m'mafamu amenewa ankalandira gawo la malipiro awo ngati vinyo, mwambo wotchedwa dop. Lamulo linauletsa cha mu 1960, koma m'mafamu ena unapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo chipsera chake n'chakuti chigawochi ndi chimodzi mwa malo amene ana ambiri padziko lonse amabadwa ovulazidwa ndi mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala, ndipo chaka chotsatira malipiro otsikitsitsa a pa tsiku anakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105. Lero pali mafamu amene antchito ali ndi gawo la umwini, ndi mabotolo okhala ndi chizindikiro cha Fairtrade kapena cha bungwe la WIETA, chosonyeza kuti famuyo inayenderedwa pa za kasamalidwe ka antchito. Ife tinagula kumeneko. Pa famu yomaliza ndinafunsa mtsikana amene ankatithirira pinotage ngati amadziwa amene anathyola mphesa za m'botolomo. Anati mayi ake ali m'gulu la othyola, ndipo kukolola kumayamba kusanache kuti mphesa zifike kofinyira zikadali zozizira. Anati tikafuna kuiona ntchitoyo ndi maso tibwere mu Febuluwale, tidzakhale tili pa chipata 5 koloko m'mawa.