Muyeso wa mankhwala kwa wodwala mtima

Tizilombo tikamanga chisa pa mavavu a mtima, nthenda imene madokotala amaitcha endocarditis, wodwala amalandira mankhwala m'mitsempha kwa masabata 4 kufikira 6. Ndipo chondidetsa nkhawa n'chakuti ena mwa mankhwalawa, monga gentamicin ndi vancomycin, ngakhale ali amphamvu ndithu, akachuluka m'mwazi amawononga impso, gentamicin n'kugonthetsanso makutu, pamene akachepa tizilombo timapulumuka. Chifukwa chake, popeza safunsa anadya phula, dokotala wanzeru amatapa mwazi m'kabotolo asanapereke jekeseni wotsatira, nayeza mankhwala otsalamo, kuti gogo wa impso zofooka asapatsidwe muyeso wa mnyamata wadzitho. Ha, chipatala chilichonse chikadakhala nazo zida zoyezera zimenezi!