Ku Mchinji, Sukulu Imafika Mpaka pa Khonde

Msewu wa M12 ukachoka ku Lilongwe umalunjika kumadzulo, kudutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo, n'kukafika pa boma la Mchinji patatha makilomita oposa 100. Kutsogolo pang'ono kuli chipata cha Mwami, ndipo kuseri kwake kuli mzinda wa Chipata, m'dziko la Zambia. Dera lonseli ndi la mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Mlendo amene wadutsa m'mwezi wa January amaona minda yobiriwira mochititsa kaso, koma sadziwa kuti imeneyi ndiyo nyengo imene nkhokwe zimakhala zitapepuka. Aphunzitsi amadziwa. Akamaitana mayina m'mawa, ena sayankhidwa: mwana wapita ku ganyu, wina akulera ang'ono ake, wina akudwazika agogo.

Kuno n'kumene boma, mothandizidwa ndi UNICEF, linayambira kuyesa ndondomeko ya Mtukula Pakhomo m'chaka cha 2006. Inkalunjika mabanja osaukitsitsa amene analibenso munthu wamphamvu zogwirira ntchito, monga a nkhalamba zolera ana amasiye pa nthawi imene Edzi inali itapulula makolo ambiri. Banja linkalandira pakati pa K600 ndi K1,800 pa mwezi malinga ndi kukula kwake. Chochititsa chidwi chinali kandalama koonjezera: K200 pa mwana aliyense wa ku pulayimale ndi K400 pa wa ku sekondale. Inali yochepa, koma inkauza kholo kuti mwana wokhala m'kalasi sakuluzitsa banja. Patapita zaka, ndondomekoyi inafalikira m'maboma onse a m'Malawi.

Komabe ndalama simagogoda pa khomo la munthu kukafunsa chifukwa chimene mtsikana wa Sitandade 6 wajombera sabata ziwiri. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi gulu la amayi a pa sukulu, limene anthu anazolowera kulitchula kuti Mother Group. Amayiwa amasankhidwa kuchokera m'midzi yozungulira sukuluyo. Mphunzitsi wamkulu akawapatsa dzina, amanyamuka wapansi, nthawi zambiri awiriawiri. Safikira kudzudzula ayi. Amaodira, kulandira mphasa, kufunsa za moyo ndi za mvula, ndipo nkhani ya mwana imabwera pambuyo pake. Apa m'pamene choona chimatulukira: mwina ndi yunifolomu yong'ambika, mwina mwana watha msinkhu ndipo alibe zodzisamalira nazo pa masiku ake, mwina malume ake alandira kale mawu kuchokera kwa mwamuna wina.

Malamulo ali kumbali ya amayiwa. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu, mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira pa zaka 18. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silimulerera mwana khanda lake. Kuti abwerere m'kalasi, pamafunika agogo ovomera kutsala ndi khandalo, mfumu yokhoza kuthetsa ukwatiwo, ndi anzake a m'kalasi oleka kumuseka. Zonsezi amazikambirana ndi amayi aja, khomo ndi khomo. Kufupi ndi malire kumavutirapo, pakuti mtsikana akaoloka kukakhala kwa abale ku Zambia, kumulondola n'kovuta.

Chodetsa nkhawa n'chakuti ntchito yolemera chonchi yasenzetsedwa anthu amene salandira malipiro. Nawonso ali ndi minda yofuna kupalira m'mwezi womwewo umene ana amajomba kwambiri. Magulu ena amalima munda wa gulu kapena kusoka nsalu za atsikana kuti apezeko sopo ndi makope, ena amafooka bungwe limene linawaphunzitsa likachoka. Abambonso saoneka kawirikawiri pa misonkhano ya makolo, chikhalirecho ndalama ya fodya ikabwera, ndiwo amagamula kumene ipite.

Belu loweruka likalira, ana amamwazikana m'tinjira ta pakati pa minda. Amayi awiri amatsalira pang'ono pa khonde la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kudikira mayina a sabata imeneyo.