Macheka Ochokera ku Joni, Chipatala Chili Kutali

Kwa Makanjira, macheka amagetsi odulira ngodya safika ndi mphunzitsi. Amabwera m'katundu wa mnyamata wochokera ku Joni, pamodzi ndi mabulangete ndi wailesi, nthawi zambiri atagwira kale ntchito zaka zingapo ku Johannesburg kapena ku Cape Town. Dzina la Makita, Ryobi kapena Bosch limaonekabe pambali, koma kabuku ka malangizo kanatayika kalekale. Mmisiri wa pa Mpilipili kapena ku Lulanga amaphunzira makinawa ndi maso, poonerera mnzake amenenso anaonerera wina.

Inenso ndine mmisiri wa matabwa, ndipo ubwino wa makinawa sindingaukane. Ngodya ya madigiri 45 pa felemu ya zenera, yomwe ndi sowo yamanja inkafuna sikweya, diso lakuthwa ndi kupalapala, pano imatuluka kamodzin'kamodzi, mbali ziwiri n'kulumana bwinobwino. Koma mpeni wake wozungulira, wa mamilimita 254, umazungulira maulendo pafupifupi 4,500 pa mphindi imodzi. Ndiye kuti dzino lililonse likuthamanga kupitirira makilomita 200 pa ola. Palibe dzanja lomwe lingathawe liwiro limenelo. N'chifukwa chake opanga makinawa amalamula kuti zala zisayandikire mpeni kuposa mamilimita 100, mbali iliyonse, ndipo mmisiri wanzeru amajambula mzere wa penti patebulo la makina kuti malirewo aziwaona.

Chimene chimavulaza anthu kuno si umbuli wokha ayi. Ndi kusafuna kutaya.

Thabwa la mlombwa kapena mbawa silipezeka mwachisawawa masiku ano, ndipo paini wochokera ku Chikangawa akamafika kutsidya lino la nyanja amakhala atadya ndalama zambiri zamayendedwe. Choncho kachidutswa kotalika ngati chala chachikulu sikatayidwa. Mmisiri amakaona n'kuganiza kuti kangatuluke chogwirira cha kabati. Amakapanikiza ndi zala ziwiri, n'kutsitsa mpeni. Kachidutswa kotere sikafika bwino pa chotsamira chakumbuyo, motero mano akakagwira amakakokera m'mpata, dzanja n'kutsatira. Njira yake ndi yodziwika: kanthu kakang'ono kamadulidwa kuchokera ku thabwa lalitali, kapena kamamangidwa ndi chopanira, dzanja lili kutali. Chopanira chikakanika kugwira, kachidutswako n'ka pamoto wophikira nsima basi, kapena kadulidwe ndi sowo yamanja.

Kusafuna kutaya komweko ndi kumene kumachotsetsa chophimba mpeni. Chophimbachi ndi cha pulasitiki, chimatseguka mpeni ukamatsika ndi kutsekanso ukamakwera. Utuchi ukadzaza, chimayamba kuuma. Sipiling'i ikaduka, yatsopano sipezeka pafupi. Ambiri amangochimangirira m'mwamba ndi waya, ena amachigulula n'kuchiponya pansi pa benchi, akuti chimaphimba mzere wa pensulo. Ndimamva chisoni ndikaona zimenezi, chifukwa mpeni umapitiriza kuzungulira ngakhale swichi itasiyidwa, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe dzanja limathamangira kukachotsa chidutswa. Mutu wa makina uyenera kukhala pansi mpaka mpeni utaima, kenako n'kukwezedwa.

Matabwa athu nawonso ali ndi khalidwe lawo. Ambiri amachekedwa pamanja, sanaume bwino, ndipo amapindika. Thabwa lopindika limaikidwa msana wake utatsamira chotsamira, kuti pamalo podulapo pasakhale mpata. Likatembenuzidwa, limatsina mpeni pakati pa ntchito n'kudumpha. Nanga matabwa a boti lakale, omwe asodzi amabweretsa kuti tiwapangire benchi? Mkati mwake mumabisala misomali yadzimbiri. Msomali umodzi umathyola dzino la mpeni, ndipo dzinolo limauluka molunjika kumaso. Magalasi oteteza maso si a bwana yekha, ngakhale mnyamata wogwirira thabwa kumapeto ayenera kuvala. Pa makina oyenda pa mipiringidzo, mutu umakokedwa kaye uli m'mwamba, n'kutsitsidwa, kenako n'kukankhidwira kumbuyo. Kudula ukukokera kwa iwe kumachititsa mpeni kukwera thabwa n'kukulondola.

Pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mabowo angodya. Ena amadula pulagiyo n'kulowetsa mawaya osavala, atapanikiza ndi timitengo ta machesi, waya wopita kunthaka n'kusiyidwa lendelende. Magetsi a mavolti 230 pa simenti yonyowa ya m'dzinja amapha, pomwe pulagi yatsopano mtengo wake suposa wa thabwa limodzi. Choopsa china ndi kumanga swichi ndi mphira kuti dzanja lisatope. Magetsi akazima, mphirayo imaiwalika. Akabweranso, kapena wina akaliza jenereta, mpeni umadzuka wokha, mwina mwana akutola utuchi pomwepo. Jenereta nayo imafulumizitsa anthu, poti petulo akutha. Ndi bwino kulemberatu mizere yonse injini isanalire, kusiyana ndi kuyeza mothamanga ili mkati mobangula. Posintha mpeni, pulagi izulidwe kaye.

Lachisanu, pochokera kumzikiti, kasitomala amapempha kuti mumudulire kathabwa kamodzi kokha. Musanayatse makina, muvule kaye mkanjo wanu. Manja ake otambalala amakodwa mosavuta, ndipo magolovesi otaya amachitanso chimodzimodzi.

Palinso mabala osatuluka magazi. Phokoso la makinawa limayandikira madesibo 100, pomwe kuyambira pa 85 makutu amaonongeka munthu akamalimva tsiku ndi tsiku. Fumbi la matabwa linaikidwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ndi bungwe lofufuza za khansa la IARC mu 1995, makamaka khansa ya m'mphuno. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 lilipo, TEVETA nayo yakhala ikuyang'anira maphunziro a luso kuyambira 1999, koma m'shedi ya udzu m'mbali mwa nyanja woyang'anira weniweni ndi mwini makina.

Mwini makinayo ayenera kuwerengera mtunda. Kuchoka kwa Makanjira kukafika kuchipatala cha boma ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 100, chipatala cha St Martin's ku Malindi chili cha kufupi ndi boma, ndipo m'dzinja mitsinje imatha kudula msewu. Bala lalikulu limapitirira mpaka ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre. Choncho m'shedi muzikhala nsalu zoyera zosungidwa m'jumbo, ndipo aliyense adziwe chochita: kukanikiza bala mwamphamvu osalekeza, kukweza dzanja m'mwamba, osathirapo oilo, dothi kapena utuchi. Chala chikaduka chimakulungidwa m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, kuikidwa m'jumbo yomanga bwino, jumboyo n'kuikidwa m'madzi a ayezi wopempha kwa ogulitsa nsomba, chalacho osakhudzana ndi ayeziyo. Wovulalayo afunsenso za katemera wa kafumbata. Nambala za foni za akabaza awiri odalirika zilembedwe ndi penti pachipupa, pafupi ndi makinawo.