Ndege ya bambo yabwerera pathebulo

Ndili mwana, bambo ankandikweza panjinga kupita ku Chileka kukaonerera ndege. Yapamtima pawo inali VC10 ya Air Malawi, ija ya mainjini anayi kumchira, imene inayamba maulendo a ku London mu 1974. Lero maso awo achita chidima, miyendo nayo ikukana, koma mukangoitchula ndegeyo amadzuka n'kukhala tsonga.

Choncho mlamu wanga atanditumizira kuchokera ku Britain ka VC10 kapulasitiki ka Airfix, kolumikiza wekha, ndinadziwiratu mwini wake. Ndi ka sikelo ya 1:144, kutalika kwake masentimita 33 ndi pang'ono. Koma zizindikiro za m'bokosimo zinali za eni ake akunjawo. Dzina la Air Malawi ndi nambala yake, 7Q-YKH, zinafunika kupenta ndekha, ndipo palibe dzanja lingalembe ndi burashi zilembo zazing'ono ngati nyerere osanjenjemera.

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ndi kudula zomata za pa minibasi, ndiye makina odulira vinyl ndili nawo. Ndinkati n'zamasewera. Umajambula zilembo pakompyuta ndi Inkscape potengera zithunzi zakale, makina n'kudula, iwe n'kutolamo zilembozo kuti patsale mabowo. Ukamata pandege n'kupopera penti, penti amalowa m'mabowomo basi.

Matama anandigwetsa. Ndinatenga vinyl yemweyo wa pa minibasi, amene guluu wake anapangidwira dzuwa ndi mvula. Pomatula, anasendera limodzi penti woyera wa mbali yonse. Ntchito ya milungu itatu! Mayi a kunyumba anangondiyang'ana, osanena kanthu, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Ndinadikira mwezi kuti andibweretsere Oramask 810 kuchokera ku Johannesburg. Ameneyu guluu wake ndi wofatsa, ndipo amaonetsa za pansi pake, moti umaona pamene ukumata. Kampeni ka makina umakatulutsa pang'ono kwambiri, kadule vinyl yekha osaboola pepala la pansi. Msampha uli pa zilembo monga "a" ndi "Q". Kachidutswa ka pakati pake n'kochepa kuposa njere ya mawere, ndipo kakathawa chilembo chimangosanduka dontho. Tiwiri tinagwa pansi n'kusowa. Kachitatu ndinakaika ndi nsonga ya singano, nditagwira mpweya.

Chimene ndimachinyadira ndi ichi: ndisanapopere mtundu wa zilembo, ndinayamba ndapopera penti woyera yemwe uja. Ngati pali kampata m'mphepete, woyerayo ndiye amalowa n'kutseka, ndipo saoneka. Kenako mtundu weniweni, pang'onopang'ono katatu, osati kukhuthula kamodzi. Vinyl ukamudula usamugoneke masiku, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, chifukwa amakhwinyata. Pamphuno ya ndege, pokhota paja, vinyl amadzuka, ndiye mzere wa m'mbali ndinautchinga ndi tepi yachikasu ya Tamiya.

Loweruka lapitali ndinakapereka. Bambo anaibweretsa pafupi ndi nkhope, n'kuyendetsa chala kuchokera kumphuno mpaka kumainjini. Anawerenga nambala ija chilembo chimodzichimodzi, n'kukhala chete kanthawi.

"Mwanawe, K uyu waledzera," anatero.

"Bambo, si inu mumati simukuona?"

"Izi ndikuona."

K ndi wopendekadi, ndipo ndinkayesa ndikudziwa ndekha. Ndinapempha kuti ndibwerere nayo ndikakonze, koma anakana. Aiika pamwamba pa wailesi, mphuno italoza ku Chileka.