Mtengo wa dengu lathu

Ife tikhala m'mudzi wina pafupi ndi Ulónguè, ku Angónia. Ndife alimi. Tilima cimanga, nyemba ndi kacewere. Koma cimanga cikalowa m'nkhokwe, manja athu sakhala cabe. Amuna aluka madengu ndi malicero a nsungwi. Akazi aumba miphika ndi mitsuko.

Pa nthawi ya nkhondo ambiri a ife tinathawira ku Dedza, ku Malawi. Kumeneko tinalibe minda. Licero ndilo linatigulira mcere. Mtendere unabwera m'caka ca 1992, ndipo pang'ono pang'ono tinabwerera kwathu ndi mipeni yathu.

Kwa zaka zambiri wogula anali mmodzi. Anali kubwera ndi galimoto. Iye ndiye anachula mtengo, iye ndiye anawerenga katundu, iye ndiye analemba m'buku. Ife tinangoyang'ana. Tsiku lina mnzathu anapita ku Tete, naona dengu lake pa msika. Analizindikira ndi kamangidwe ka mkombero. Atafunsa mtengo, anagwira pakamwa.

Nkhaniyi tinapita nayo ku sukulu ya akulu. Aphunzitsi anafunsa: "Kodi dengu limodzi lidya masiku angati?" Palibe anayankha. Tinayamba kuwerenga ndi zala. Tsiku limodzi kukadula nsungwi. Tsiku lina kung'amba ndi kupala. Masiku awiri kuluka ndi kumanga mkombero. Onse pamodzi masiku 4. Tinaona kuti ganyu wopalira m'munda wa mnzako alipira bwino kuposa luso lathu. Tinacita manyazi, kenaka tinakwiya.

Aphunzitsi anatiuza za malonda acilungamo. M'caka ca 1946 mai wina wa ku America, Edna Ruth Byler, anapita ku Puerto Rico. Anaona akazi akusoka nsaru zokongola, koma analibe kogulitsa. Iye anatenga nsaruzo nakagulitsa kwa anzace kwao, kuti osokawo apeze phindu. M'caka ca 1989 magulu a malonda otere anapanga bungwe limodzi, limene lero lichedwa World Fair Trade Organization. Malamulo ace ati mmisiri alandire mtengo woyenera, alandireko ndalama zina katundu asanathe, ndipo ana asagwiritsidwe nchito yolemetsa.

Ife sitinalowe m'bungwe limenelo. Liri kutali. Koma nzeruyo tinaitola. Tinapanga gulu. Tinasankha mlembi ndi msungicuma. Tsopano mtengo tipangana tokha, ndipo buku liri m'manja mwathu. Pa dengu liri lonse logulidwa, kandalama pang'ono kalowa m'thumba la gulu.

Musaganize kuti zonse zinayenda bwino. Tinapeza wogula watsopano amene anavomera mtengo wathu, natipatsa theka la ndalama poyamba. Ife pofulumira tinadula nsungwi zanthete mvula iri kugwa. Patapita mwezi madengu anayamba kutuluka ufa. Anafumbwa! Wogula anabweza ambiri, ndipo sanalakwe. Akulu anatiuza kale kuti nsungwi idulidwa yokhwima, m'cilimwe, ndi kuumitsidwa bwino. Tinaluka ena popanda malipiro.

Bvuto lalikulu liri m'Januwale. Nkhokwe zatha, ana adwala malungo, ndipo wogula wakale uja adziwa bwino mwezi umenewu. Caka cino anabwera usiku kwa mkulu wina wa gulu lathu, natenga malicero 20 pa theka la mtengo. M'mawa mwace mudzi wonse unadziwa.

Ena ati mkuluyo acotsedwe, cifukwa waswa pangano. Ena ati: "Nanga inu mukadatani, mdzukulu ali gone?" Msungicuma anatsegula buku natiwerengera za m'thumba. Zikadakwana kumbwereka, akadapempha. Iye anati anacita manyazi kupempha pamaso pa apongozi ace, amenenso ali m'gulu.

Loweruka tidzakhalanso pansi pa mtengo wa mango. Mlembi walemba kale funso pa bolodi: kodi wobwereka auze gulu lonse, kapena anthu awiri okha?